Tsiku Limene Ndinawotcherera Galimoto ya Alamu Anga

Pa Golomoti chitsulo chikathyoka, anthu amabwera kwa ine. Ndimawotcherera ngolo, makasu, mawilibala, ndiponso ndimakonza njinga za akabaza pa shedi yanga pafupi ndi msika. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma tcheni ikangolira ndimadziwa pamene padwala. Pabanja pathu mmisiri ndinali ine ndekha, ndipo dzina limenelo ndinkalikonda kwambiri, ngakhale pa anthu ndinkachita ngati si kanthu.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anali mphunzitsi cha ku Mtakataka. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwathu kumene anakwatira. Munthu wofatsa, koma manja ake anali a choko basi. Ngakhale msomali ankaukhoma ngati akuupepesa. Pachilamu ndinkawaseka momasuka, iwo nkumangomwetulira.

Chaka china mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Joni anawatumizira makatoni anayi pa basi. Mkati munali mota, batire lalikulu, mawaya, matayala atatu, zitsulo za felemu, mipando iwiri ndi buku la malangizo. Inali galimoto yaing'ono yamagetsi, yoti munthu amange yekha pakhomo. Mwanayo anati bambo ake asamangokhala, azikhala ndi chowatayitsa nthawi.

Nditamva, ndinapukuta masipanala anga onse. Ndinkadziwa kuti mawa lake abwera kudzanditenga. Sabata inatha, osabwera. Yachiwiri inatha. Ndinapita ndekha, ndikunamizira kukaona mlongo wanga amene maondo akhala akumuvuta kwa zaka zambiri.

"Kodi alamu katundu uja angomusunga?" ndinafunsa.

"Ayi achimwene, ayamba kale," anatero mlongo wanga. "Akuti akufuna ayese okha."

Mawu akuti "okha" aja anandilasa. Alamu ndinawapeza kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa bwemba, atayala mkeka, mandala ali pamphuno. Mabawuti anawagawa m'timbale ta tiyi, aakulu paokha, aang'ono paokha. Ankawerenga tsamba kawiri, kuloza chithunzi ndi chala, kenako nkumanga bawuti imodzi. Akatero ankachonga ndi pensulo ngati akulemba mayeso a ana.

"Alamu, galimoto imeneyi idzayenda ife titaikidwa kale," ndinatero.

"Ndiye idzanyamula anthu obwera ku sadaka yanu," anayankha osadzutsa mutu.

Ndinaseka, koma maso anga anali pa mota. Chinthu chokongola chotero ndinali ndisanachigwirepo. Zala zinkandiyabwa. Ine amene ndakhala ndi zitsulo moyo wanga wonse, ndinaima chapatali manja kumbuyo ngati mlendo, pamene munthu wosadziwa kugwira sipanala akusewera nacho. Ndinabwerera kwanga mtima ukuwawa, ndipo tsiku limenelo ndinakalipira wa kabaza wina popanda chifukwa.

Inatenga miyezi itatu. Ndinkayembekezera kuti alephera, ndikuvomera, ndinkafunitsitsa kuti alephere. Koma tsiku lina la msika, dzuwa lili pamutu, ndinangoona akabaza onse adzuka pa benchi yanga. Mumsewu munkabwera alamu anga, atakhala mowongoka, mlongo wanga ali kumbuyo atavala chitenje chatsopano. Galimoto yosalira, yopanda utsi, matayala okha akuti waa pa phula. Mlongo wanga ankaseka ngati mtsikana. Panali patapita nthawi yaitali asanafike pamsika chifukwa cha maondo aja.

Anthu anaizungulira. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo. Wa kabaza wina, amene njinga yake ndinali nditaigadamitsa ndikuikonza, anabwerera nkundiuza kuti, "Amisiri, simunatiuze kuti pabanja panu pali injiniya."

Kuyambira tsiku limenelo aliyense wobwera pa shedi ndinkamuuza kuti chimenecho ndi chidole, mvula yoyamba chidzagona. Koma madzulo ndikaweruka ndinkadzera njira ya kwawo, nkuima pa mpanda kuiyang'ana ili pa sola ikutchajidwa. Nsanje inandidya mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndikudwala.

Mwayi wanga unabwera nyengo yokolola mpunga. Alamu anayamba kunyamulira pa galimoto ija matumba a kumunda kwawo ku Bwanje, ndipo ndi mabampu a njira ija chitsulo cha pansi pa mpando wakumbuyo chinang'aluka. Anaiyendetsa pang'onopang'ono mpaka pa shedi yanga.

"Alamu, apa pokha buku landikanika. Pakufunika manja anu," anatero.

Mtima wanga unati phaa ndi chimwemwe. Ndinachedwa dala kutulutsa makina kuti anthu achuluke. Akabaza anadzaza benchi, ena anaimirira. Ndinayang'ana mng'alu uja, ndikupukusa mutu ngati dokotala. Kenako ndinanyowetsa chiguduli nkufunditsa tayala, monga ndimachitira ndi njinga ndi ngolo zonse, chifukwa pa zimenezo chopsa chimakhala labala yekha.

Alamu anatulutsa buku lawo m'thumba. "Dikirani kaye. Pano akuti tisanawotcherere tichotse batire, tizulenso mawaya a kabokosi aka." Analoza kabokosi kakuda kamene kamalamulira mota.

Akanandiuza tili awiri, mwina ndikanamva. Koma anandiuza pamaso pa anthu anga, pa shedi yanga, buku lili m'manja.

"Alamu, ine ndinayamba kuwotcherera inu mukufufuta bolodi," ndinatero mokweza. "Chitsulo sichiwerenga buku. Khalani apo muone ntchito."

Anthu anaseka kwambiri. Alamu anandiyang'ana, anayang'ananso tsamba lija, kenako anatseka buku nkubwerera m'mbuyo. Ndinapana waya wa makina anga pa felemu nkuyamba. Ndinawotcherera mwaluso kuposa tsiku lina lililonse, mzere wosalala wopanda chotupa. Nditamaliza ndinagogoda ndi hamala kuti aliyense amve kulimba kwake.

Alamu anakwera nkutembenuza kiyi. Zii. Anatembenuzanso. Kagetsi kobiriwira kamene kankayaka kutsogolo sikanayake. Apo ndi pamene ndinamva kafungo ka pulasitiki yopsa, ndipo sikankachokera kumene ndinawotcherera. Moto wa makina anga unali utadutsa m'felemu nkukapsereza kabokosi kaja. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinachita kuuzidwa, phulalo ndinadyabe.

Maso onse anali pa ine, ndipo ndinadziwa kuti pofika madzulo Golomoti yense adzakhala atamva kuti mmisiri wapha galimoto ya aphunzitsi.

Alamu anatsika, anawerama, ananunkhiza kabokosi kaja. Atadzuka analankhula mokweza, mawu awo a m'kalasi aja.

"Ayi, vuto ndi langa ili. Dzulo potchaja ndinasemphanitsa mawaya, kanayamba kale kununkha. Ndimati mwina kapirira."

Linali bodza, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Munthu wochonga bawuti iliyonse ndi pensulo sakanasemphanitsa mawaya. Koma akabaza anaphulika ndi chiseko. "Aphunzitsi ndi mabuku awo! Akanangowasiyira amisiri poyamba pomwe!" Wina anandimenya paphewa. Ine ndinangoika hamala pansi, bodza lija osalitsutsa. Alamu anandithokoza chifukwa cha ntchito yabwino, nkuyamba kuikankha galimoto yawo kulowera kumudzi. Ndinati ndiwathandize, anati ndisasiye makasitomala.

Kabokosi kotero sikanapezeke ku Dedza ngakhale ku Salima. Mwana wawo anati adzatumiza akapeza wobwera kuno. Galimoto ili pansi pa masaka kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pa mpando. Pa shedi yanga anthu achuluka kuposa kale, ndipo nkhani ya aphunzitsi osemphanitsa mawaya amaikamba mobwerezabwereza. Nkhaniyo sindinaikonzepo ngakhale kamodzi.

Ndinkaganiza kuti galimoto ikafa nsanje idzatha. Sinathe. Tsopano ndimawachitira nsanje chifukwa cha zimene anachita tsiku lija, zimene ine sindikanatha kuchitira munthu aliyense.

Lamulungu lapitali anadutsa pa shedi akupalasa njinga yawo yakale, mlongo wanga ali pa kaliyala, mwendo wina atauwongola chifukwa bondo silikupindika. Munthu wamkulu, malaya atanyowa ndi thukuta. Wa kabaza wina anakuwa, "Aphunzitsi, injini mwaisiya kuti?" Anthu anaseka. Mlongo wanga sanaseke, anangondiyang'ana ine.

Alamu anakweza dzanja. "Mwadzuka bwanji, amisiri?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, anthu onse ali pomwepo.

"Ndadzuka bwino, alamu," ndinatero. "Kaya inu?"