Mtengo wa Maapozi Wovala Chubu

Alamu anga amamata matayala pamphambano, pansi pa kamthunzi ka malata, ndipo anthu amangowatcha Achigamba. Kwa iwo chilichonse chobooka padziko pano chimafuna chubu ndi guluu: ndowa, nsapato, ngakhale ambulera ya apongozi awo. Koma chimene amachikonda kuposa pampu yawo ndi mtengo wa maapozi wa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Anaudzala okha, ndipo m'mawa amayamba kuupatsa moni asanapatse akazi awo, mlongo wanga.

Chaka chatha mtengowo unayamba kutuluka zotupa m'nthambi, zokhakhala ngati njerewere, masamba n'kumafota. Mlongo wanga, amene anali atatopa ndi kusesa masamba opanda chipatso, anagamula mlandu: ukapanda kuchira mvula isanagwe, pamalopo pamangidwa khola la nkhuku. Nkhwangwa anabwerekeratu.

Alamu sanatekeseke. Anati chotupa cha pa tayala ndi cha pa nthambi mayi wake ndi mmodzi. Anapala zotupa zonse ndi mpeni wa kuntchito, n'kukulunga mabalawo ndi chubu, kumanga kuti ndi. Ine nditaona ndinawafunsa ngati tiupope kaye mtengowo, kapena tingoukankha kuti ulire.

Nthambi zinangoipiraipira. Tsiku lina kunabwera mnzake wa mlongo wanga, mayi wogulitsa mbande za mitengo pamsika. Anamasula chubu chimodzi, ndipo pansi pake panali mbuu ngati thonje. Anatikitapo ndi chala, chalacho n'kufiira.

"Bambo, izi ndi nsabwe za m'mitengo," anatero mayiwo. "Zimayamwa khungwa, nthambi n'kutupa. Inu mwazimangira nyumba yofunda, mwaziikira ndi denga lomwe."

Mukuganiza kuti alamu anachita manyazi? Anavina! Anafunsa ngati n'zamoyo, ngati zimafa, ndipo atamva kuti sopo amazipha anathamangira kubafa. Anatuluka ndi beseni la madzi a sopo ndi mswachi, wanganso, umene ndimasiya kumeneko ndikagonako. Anakwecha nthambi ndi nthambi akuimba. Zotupa kwambiri anadula n'kuwotcha, mpeni akuupukuta ndi sipiriti monga anawauzira mayiwo. Chowavuta chinali chimodzi: kusiya bala pamtunda kuti liume ndi mphepo. Manja ankawayabwa. Mlongo wanga anachita kutsekera machubu onse m'kabati.

Kuyambira pamenepo makasitomala ankadikira pamphambano ndi njinga zophwa, mmisiri ali kuseri kwa nyumba kusuzumira m'ming'alu ya khungwa.

Mitambo itayamba kuda, alamu anandiitana ndili pakati pometa ndevu, akupuma ngati athamangitsidwa ndi galu. Pa nthambi zodulidwa zija panali mphukira zanthete, ndipo pamwamba maluwa oyera, ofiirira m'mbali. Mlongo wanga anauzungulira mtengowo manja ali m'chiuno.

"Nkhuku zanga zikagona kumene kuli mulu wa matayala anu akuthawo," anatero potsiriza. "Muwachotse lero."

Alamu anawanyamula okha, awiriawiri pamapewa, mluzu uli pakamwa.