Sefa zakuda mu uvuni wa amake Tisa

Ndiyambe n'kuulula: mpaka imvi zinamera, ndinkakhulupirira kuti chitsulo chabwino ndi chonyezimira, chakuda n'chauve basi. Sukulu ndinalekera panjira, ndiye musaseke kwambiri.

Kampani ya boma kumene ndinkapenta mageti itagulitsidwa, ndinatha zaka ndikusewera nsolo kwathu ku Kabwata. Mkulu wa mpingo wathu ndiye anandilozera kwa ba Dokota Chanda, mayi wa ku Luapula amene anatsegula kalabotale kuseri kwa nyumba yawo ku Woodlands. Ankafuna wotsuka mabotolo, wosafunsafunsa. Kutsukako ndinkakutha.

Ntchito inkayenda chonchi. Tinkatola makoko a nkhanu za ku Kafue, kuwaviika mu asidi, kuwawiritsa mu soda, kuwaumitsa, n'kuwapera. Ufawo, umene ba Dokota ankautcha kaitosani, tinkausungunula mu viniga mpaka ufanane ndi phala la mwana. M'phalamo tinkamiza tisefa tachitsulo titatilumikiza ku batire ndi waya, ndipo phala linkamata pachitsulo ngati kakhungu kopyapyala. Kenaka sefa inkalowa m'madzi a paladiyamu, mtundu wa chitsulo chodula kwambiri, ndi mankhwala ena, n'kutuluka itada bii. M'kudamo akuti muli timbewu tosaoneka ndi maso, timene timaphwanya utoto m'madzi oipa koma ito osatha. Kakhungu ka nkhanu ndiko kamagwira timbewuto kuti tisakokoloke, ndipo kakatayidwa kamaola, sikapha nthaka ngati penti wanga wakale. Ine ndinkangovomera ndi mutu.

Chaka chimene magetsi ankazimazima, ba Simukonda, mwini fakitale yonyika nsalu ku Makeni, anati abwera kudzaona ndi maso awo ngati sefazo zingayeretse madzi a utoto a ku fakitale yawo. Akakana, labotale itsekedwa, ine ndibwerera ku nsolo. Kutatsala tsiku limodzi kuti abwere, magetsi anazima ku Woodlands sefa zisanaume.

"Ba Tembo, ku Kabwata malaiti yaliko," anatero ba Dokota. "Mukazifake mu uvuni, kamoto kang'ono chabe."

Ndinaziika, ndinazimitsa uvuni pa nthawi yake, n'kuzisiya momwemo kupita kukaona anzanga. Tsono mkazi wanga, amake Tisa, ndi munthu amene mapoto ake mukhoza kumeterapo ndevu. Akaona chitsulo chakuda m'khitchini mwake amamva ngati watukwanidwa pa mpingo.

M'mawa ndinapeza sefa zitakulungidwa bwino m'nyuzipepala, zili m'katoni. Ndinayamika mumtima kuti ndinakwatira bwino. Ku Woodlands titatsegula, zinali mbee, ngati masipuni a pa ukwati. Nkhanu, paladiyamu, ntchito ya mwezi wathunthu, zonse zinali zitapita ndi madzi otsukira mbale.

Ba Dokota anakhala pansi. "Ba Tembo, nichani ichi manje?"

Ndisanayankhe, galimoto ya ba Simukonda inaimba hutala pageti. Ndinapitiriza kufukula m'katonimo chifukwa manja analibe china chochita. Pansi penipeni panali sefa imodzi yakuda, yopalidwa pakona pokha.

Ba Dokota sanandiyang'anenso. Anathira madzi achikasu a ku fakitale m'matambula awiri, anadonthezamo mankhwala mofanana, m'modzi anaikamo sefa yonyezimira, m'winamo yakuda. Tinaima tonse atatu ngati tili pamanda. Madzi a yonyezimira anakhala achikasu. A yakuda anayamba kufooka, kufooka, mpaka ndinaona zala zanga kuseri kwa tambula.

Ba Simukonda anaganiza kuti tinachita dala pofuna kuwaonetsa kusiyana kwake. "Iyi yakuda ndiye nifuna," anatero. Palibe anawawongola.

Ntchito sinandithere. Ba Dokota anangondilamula kupera nkhanu mwezi wina wonse. Kuchokera tsikulo, chinthu ndisanachipale ndimayamba ndafunsa kuti chinaderanji, ndipo chilichonse choika mu uvuni wa munthu ndimamuuza mwini uvuni.

Madzulo ndinawafotokozera amake Tisa zonse, mawu nditawakulitsa ngati mwamuna wa pakhomo. Anandimvetsera mpaka pamapeto, akupukuta poto.

"Ija imodzi ndinaisiya chifukwa waya wotsukira unandithera," anatero. "Ndinakutumani kukagula wina sabata yatha, inu n'kukathera ku nsolo. Mukanakhala mwamuna womvera, bwenzi lero mulibe ntchito. Koma mawa mubwere nawo."