Nyimbo za Nyamhone zinatayikira m'manja mwanga

Inu owerenga, pali zinthu zimene ukataya umapepesa n'kukagula zina. Ine ndinataya nyimbo za mayi wina amene pano anatisiya, ndipo palibe sitolo imene ndingakagulemo mawu ake. Mundimvere mmene zinayendera, makamaka inu amene mumasunga ntchito za anthu m'makompyuta.

Ndinabwera ku Mzuzu kuchokera ku Dedza nthawi imene Luwinga inkadzaza ndi ophunzira a ku yunivesite, aliyense wokhala ndi kamalo akumanga timanyumba ta lendi. Ndinatsegula kasitudiyo kojambula nyimbo, pambali n'kumasindikiza mapepala a ophunzirawo. Ntchito itakula ndinagula seva, kompyuta imene imasunga ntchito zonse za makompyuta ena a mu ofesi. Anandilumikizira ndi mayi Kumwenda, katswiri wa makompyuta wa m'tauni. Anaikamo antivayirasi, yogwira tizilombo ta kompyuta m'chilichonse cholowa, komanso fayawo, imene ili ngati mlonda wa pachipata woletsa alendo a pa intaneti kulowa ndi kutuluka mwachisawawa. Anandiuza kuti ziwirizi ndisamazizimitse zivute zitani. Ndinagwedeza mutu movomera, koma kwa ine wakuba anali munthu wa miyendo iwiri, choncho mtima wanga unali pa maloko ndi zitsulo za m'mawindo.

Chaka chimenecho kwaya ya amayi a mpingo wina wa ku Chiputula inabwera kudzajambula chimbale. Wotsogolera nyimbo anali Nyamhone, mayi wa ku Nkhata Bay, wowonda, amene ankafunda zitenje ziwiri ngakhale dzuwa litawala. Aliyense ankadziwa kuti akudwala, koma akayamba kuyimba ine ndinkaiwala kuyang'ana makina. Ankakonda kundiseka kuti Chitumbuka changa n'chothyoka miyendo, moni yekha ndiye amayenda.

Tsiku lomaliza kujambula, a Longwe, mkulu wa mpingo amene ankaperekeza kwayayo, anandipatsa fulashi yawo kuti nditengemo zithunzi za pachikuto cha chimbale. Nditangoilowetsa, kompyuta inalira n'kuonetsa chenjezo lofiira, kutsegula osatsegula. Amayi anayamba kukodolana, wina n'kunong'ona momveka kuti kafulashi ka akuluakulu kadwala. Nkhope ya a Longwe inagwa.

“Ndiye kuti nabweretsa matenda muno, adada?” anandifunsa motero.

Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Munthu wamkulu sumuchititsa manyazi pagulu, makamaka pamaso pa amayi amene amawatsogolera ku tchalitchi. Ndinawauza kuti makinawa ndi amantha chabe. Ndinalowa m'chipinda cha seva n'kuzimitsa chitetezo chonse, antivayirasi ndi fayawo yomwe, chifukwa sindinkadziwa kuti chikukana ndi chiti. Fulashi inatseguka, zithunzi zinatuluka, ulemu wa a Longwe unabwerera. Ndinati ndiyatsanso alendo akapita. Koma makompyuta anayamba kuthamanga, ophunzira anasiya kudandaula kuti mafulashi awo akukanidwa, ndipo ine ndinazisiya choncho, n'kumadziona wochenjera.

M'mawa wina ndinapeza mafayilo onse atasintha mayina, palibe limene linkatseguka. Pakompyuta panali uthenga wa Chingerezi wofuna dipo. Disiki imene ndinkasungapo makope apadera inali yolumikizidwa ku seva yomweyo, choncho inapita limodzi. Mayi Kumwenda atabwera anandifotokozera kuti kachilomboko kanalowa ndi fulashi, kenako kanaitana eni ake kudzera pa intaneti popeza pachipata panalibe woletsa. Sanandikalipire. Anangoti mafayilowo sabwereranso, dipo ndisayerekeze kupereka, ndipo eni ntchito ndiwauze tsiku lomwelo.

Ophunzira ndinawauza, chifukwa ambiri anali ndi makope awo. A kwaya sindinawauze. Ndinkaopa kunenedwa Chiputula yonse kuti Mchewa uja wadya thukuta la amayi. A Longwe akaimba foni ndinkati chimbale chili pafupi, uku ndikuyendayenda ndi disiki kwa aliyense amene ndinamva kuti amadziwa makompyuta. Tsiku lina ndinakumana ndi Nyamhone akutsika minibasi pafupi ndi msika, atagwiriridwa mkono ndi mwana wake wamkazi.

“Muzatipatsa liti, adada? Nikufuna nizimve nane,” anatero akumwetulira.

Ndinati posachedwa, amama. Anati yewo chomene, n'kumapita pang'onopang'ono. Ndinali ndi mpata wonse woti ndinene zoona pomwepo, koma chifukwa cha manyazi ndinangomusiya kuti apite. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinalindadi. Mwezi usanathe ndinamva kuti Nyamhone wamwalira.

Amuna ake, a Manda, anabwera ku situdiyo maliro asanaikidwe. Anali munthu wofatsa, wolankhula motsitsa mawu. Anati sakufuna chimbale chonse, akufuna nyimbo imodzi yokha imene akazi awo ankaikonda, kuti imveke pa mwambo, komanso kuti ana azidzamva mayi awo akadzakula. Ndinawapatsa mpando, ine n'kukhala pansi, n'kuwauza zonse. Anayang'ana maikolofoni imene inali pakona.

“Mukanatiuza nthawi yomweyo, nikanamubereka pamsana kubwera naye kuno,” anatero. “Miyendo ndiyo inakana, mawu anali nawo.”

Anaimirira n'kumapita. Ndikanakonda akananditukwana.

Kumaliro ndinapita, n'kuima kumbuyo kwenikweni. Kwaya inayimba nyimbo ija. Itafika pa ndime imene Nyamhone ankayimba yekha, palibe mayi amene analowapo. Anangokhala chete mpaka ndimeyo itatha, kenako n'kupitiriza onse pamodzi. Ndinalira ngati wachibale, anthu osadziwa chimene ndikulirira.

Pano pakhomo la situdiyo pali kompyuta yosalumikizidwa ku seva, ndipo fulashi iliyonse imayambira pamenepo, kaya ndi ya abusa, kaya ndi yanga. Palibe amene amanyozeka chifukwa onse amadutsa pamodzimodzi. Njira yolemekezera a Longwe inalipo, ine ndi amene sindinaifune chifukwa chofulumira.

Inu a mabizinesi ang'onoang'ono, antivayirasi ikakana chinthu, imvereni. Fayawo musaizimitse chifukwa choti makina athamange, ndipo disiki ya makope muziichotsa pa seva mukamaliza kukopera. Mlendo wochita manyazi mutha kumupepesa mawa. Koma tsoka likakugwerani ngati ine, musabise. Pitani mukawauze eni ake tsiku lomwelo, woyimbayo akadali ndi mpweya.