Mathirakitala a Bambo pa Intaneti

Ndikukumbukira fungo la utuchi wa mlombwa ndi polishi ya nsapato limene linkadzaza khonde lathu ku Golomoti, pamene msewu wa Khwekhwerere umayambira kukwera phiri. Bambo anga ankasema timagalimoto ta mitengo: mathirakitala, malole ndi njinga zamoto, zonse za mateyala ozungulira ndithu. Ankayala katunduyo m'mbali mwa msewu pamodzi ndi osema anzawo, n'kumadikira alendo opita kunyanja. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 8 alendo anachepa. Magalimoto ankangodutsa, kutisiyira fumbi lokhalokha, ndipo bambo anayamba kukamba zopita ku Joni mvula isanagwe. Amuna ambiri a m'mudzi mwathu anali atapita kale, ndipo ena mwa iwo anangolowera konko.

A malume anga a Fanuwelo, mlongo wawo wa amayi, ankakonza makompyuta ku Lilongwe. Iwo ndiwo anatitsegulira sitolo ya pa intaneti. Anabwera ndi kamera yobwereka n'kujambula chosema chilichonse kutsogolo, kumbuyo, ngakhale kunsi kwake, zithunzi zonsezo n'kuziunjika pa tsamba limodzi. Pochoka anatisiyira foni yawo yakale yong'aluka pakona. Bambo zala zawo zinali zokakala, foniyo inkawakana, ndipo wodziwa Chingerezi m'nyumbamo ndinali ine. Basi sitolo inakhala yanga. Kusukulu ndinkayenda mapewa ali m'mwamba ngati mwini golosale.

Kwathu netiweki inkagwira pa chulu cha kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ndinkakwera pamenepo ndi mbatata yootcha m'manja, n'kutsegula tsamba lathu. Kachizindikiro kodikiritsa kankazungulira, kuzungulira, kenako chithunzi choyamba n'kuyamba kutuluka ngati munthu akuvuuka m'madzi: chiwongolero kaye, patapita nthawi mpando. Ndinkamaliza mbatata yonse mateyala asanaoneke. Sindinkadandaula, chifukwa ndinkaganiza kuti intaneti ndi mmene imakhalira. Miyezi inayi inatha popanda oda ndi imodzi yomwe.

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira, mayi wina wa ku Blantyre anaimitsa galimoto pafupi ndi katundu wathu kuti mabuleki azizire. Anagula lole imodzi ya mwana wake, ndipo ine, posafuna kuphonya mwayi wodzitama, ndinamuuza kuti tili ndi sitolo pa intaneti. Anatulutsa foni yake yaikulu n'kulemba dzina la tsambalo. Tinadikira. Anadzikupiza ndi nyuzipepala, anamwa madzi, anayang'ananso. Pamapeto pake foniyo inangolemba kuti tsamba lakanika kutseguka.

"Ndi netiweki, amayi," ndinatero mofulumira.

Sananditsutse. Anangolemba dzina la sitolo ina yogulitsa nsapato, ndipo nsapatozo zinadzaza foni nthawi yomweyo.

"Netiweki yake ndi yomweyitu," anatero. "Katundu wanu ndi wabwino, mwana wanga, koma chitseko cha sitolo yako n'cholimba. Wogula wa pa foni sagogoda kawiri. Akadikira pang'ono, amapita kwina."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha. Koma galimoto itapita, chimene chinandipweteka kwambiri chinali china. Ndinkaganiza kuti anthu sakufuna mathirakitala a bambo, pamene mwina ankabwera ndithu, n'kumabwerera asanawaone.

Madzulo ake ndinawaflasha a malume, iwo n'kundiimbira. Anayamba ndi kuseka. Anati imeneyo ndi netiweki ya kumudzi, kwawo ku ofesi tsamba limatseguka bwinobwino. Ndinali ndisanamuyankhepo munthu wamkulu, koma tsikulo mtima unalimba.

"A malume, pepani, ku ofesi muli ndi intaneti ya mabwana. Tulukani panja, muyese pa foni yanu ndi bandulo yogula nokha."

Mawa lake anaimba okha, mawu atatsika. Anavomera kuti anayesa ali pa siteji, ndipo minibasi inadzadza tsamba lisanatseguke. Kenako anandifotokozera zimene sindinkadziwa. Tsamba lililonse limakhala pa kompyuta yaikulu ya kutali yotchedwa seva, ndipo malowo timachita kubwereka ngati nyumba ya lendi. Iwo anasankha malo otchipitsitsa, pamene anthu osawerengeka anapanikizanapo masamba awo, moti ogula akachuluka ena amangotsala panja. Kuwonjezera apo, zithunzi zawo zija zinali zolemera ngati matumba a chimanga, ndipo foni ya munthu inkayenera kuzisenza zonse isanaonetse kanthu.

Kuchepetsa zithunzi kunali kwaulere, koma kusamukira pa seva yabwino kunkafuna lendi ya chaka. Bambo anakanitsitsa. "Ndalama ya ulendo wa ku Joni sindikhudza. Za m'mlengalengazi tayesa, zakwana."

Ine ndinali ndi mbuzi imene azakhali anandipatsa ndili wamng'ono, yaikazi, yamawangamawanga, yokonda kudya makope anga. Nditawauza amayi maganizo anga oigulitsa, anati, "Mbuziyo ndi yako. Ukadzalira, usadzalirire ine." Tsiku la msika ndinaikoka ndekha. Inakana kuyenda, inagwada pamsewu, inandikokera m'munda wa eni ake, ndipo ndinafika pamsika ndili fumbi lokhalokha, misozi ikulengeza. Wogula atapita nayo sindinacheuke. Ndalama yake ndinawatumizira a malume kuti alipire lendiyo.

Sabata imeneyo ndinagwira ntchito ngati munthu wamkulu. A malume anandiuza kuti ndisankhe zosema khumi ndi ziwiri zokha za pa tsamba loyamba, chilichonse chithunzi chimodzi. Kusankha kunali kowawa, chifukwa chilichonse ndinkachidziwa kuyambira chili chipika. Mawu ofotokoza katunduyo ndinalemba ndekha kumbuyo kwa kope la masamu, n'kuwatumiza pa meseji.

Lachitatu masana a malume anatumiza uthenga wa mawu amodzi: "Yesa." Ndinathamangira pakhonde n'kuwagwira bambo dzanja. Anakwera chulu akung'ung'udza, sompho ili m'manja, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Ndinadina. Asanamalize n'komwe kupukuta thukuta, thirakitala yonse inali pamenepo, chiwongolero, mpando, mateyala anayi, ikunyezimira kuposa mmene inkaonekera pamsewu.

"Iyayi," anatero bambo. "Tabwereza."

Ndinabwereza, ndinabwerezanso, ndipo nthawi iliyonse tsambalo linkatseguka ngati kuphethira kwa diso. Ndinakuwa mwamphamvu moti azimayi a pa mjigo anabwera akuthamanga ndi mitengo, poganiza kuti ndaona njoka.

Oda yoyamba inafika patatha masiku asanu ndi anayi. Sukulu ina ya mkaka ku Lilongwe inkafuna malole makumi atatu a ana. Ndinawamasulira bambo uthengawo kawiri. Anaimirira n'kupita kumsewu kukaitana osema anzawo awiri, poti okha sakanatha. Masabata awiri otsatira khonde lathu linkalira sompho ndi sandipepa kuyambira m'mamawa. Isanathe ntchitoyo, munthu wina wa sitolo ya mphatso ku Mangochi anaitanitsa njinga zamoto. Mvula inagwa, tinadzala chimanga, ndipo amene ankatsogola ndi khasu m'munda anali bambo. Za ku Joni sizinatchulidwenso m'nyumba mwathu.

Lero zinthu zinasintha. Netiweki imafika mpaka kuchipinda, ndipo msungwana aliyense wosoka madiresi amagulitsa pa foni popanda kufunsa kuti seva n'chiyani. Nafenso ogula tinasanduka osaleza mtima, moti tsamba likangozengereza pang'ono chala chimakhala chathawa kale. Inenso ndimatero. Koma mwezi wathawu, pofuna kugula uchi pa tsamba la mayi wina wa ku Chitipa, ndinaona kuti likuchedwa, ndipo ndinadziletsa. Ndinadikira mpaka linatseguka, ndinagula mabotolo awiri, kenako ndinamulembera kuti achepetse zithunzi ndipo afunse kumene tsamba lake limasungidwa. Anandiyankha mwaulemu, koma mokayikira: "Zikomo, koma inu ndinu a kampani iti?"

Ndinamuyankha kuti sindine wa kampani ayi, ndine mwana wa wosema wa ku Golomoti. Dzulo ananditumizira uthenga woti ndiyese tsamba lake. Linatseguka ndisanaike kapu ya tiyi pansi.