Dzanja la a Msiska

A Flexon Msiska, kalaliki wa boma wopuma, anakhala zaka zonse za chipani chimodzi atatseka pakamwa. Matipate atabwera anapatsegula, ndipo ife anzawo a pabawo ku Zingwangwa tinaona zakuda.

Nkhani yawo inali imodzi: Mjeremani wina woganiza mozama, mwana wa mbusa, amene analengeza kuti Mulungu anafa. Ati anthu ndi nkhosa, ndipo chifundo ndi chingwe chimene ofooka amamangira amphamvu.

"Dzulo mumavinira uyu, lero mukuvinira uyo," ankatero. "Munthu azidziganizira yekha, achimwene."

Ndinkakangana nawo mpaka thovu kukamwa. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo mpaka lero ndimati ankalakwitsa. Koma maganizowo anali awoawo, sanabe a munthu pamsika.

Mu 1997 anadwala sitiroko. Mbali yakumanja inafa, lilime n'kulemera. Mlongo wawo, a Dorcas, anawatengera ku Machinjiri. Ankawasambitsa ndi kuwadyetsa bwino, pamenepo sindinganame.

Lamlungu lina a Dorcas anandiitanira ku feloshipu yawo. Ndinapeza a Msiska atakhazikidwa kutsogolo, atavekedwa malaya oyera.

"Achimwene angawa ankanyoza Mulungu," anafuula a Dorcas. "Koma andinong'oneza okha kuti alapa!"

Kunong'oneza? Munthu wolephera kupempha ngakhale madzi akumwa? Bodza lamkunkhuniza! Mjeremani ujanso, mutu utasokonezeka, anathera m'manja mwa mlongo wake, amene ankamuonetsa kwa alendo ndi kupotoza mawu ake. A Msiska ankatifotokozera zimenezo akuseka. Mulungu amene ndimam'pembedza ine safuna mboni zogwidwa pakhosi.

"Amene wapulumutsidwa akweze dzanja!" anatero mbusa wa feloshipuyo.

A Dorcas anagwira dzanja lamanzere, lamoyo lija. Linakana. Linakakamira mpando mpaka mitsempha kuonekera. Anakoka, anakokanso, osatheka. Pamenepo anazungulira mbali inayo, n'kunyamula dzanja lakufa lija, n'kulikweza m'mwamba ngati nsanza.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. A Msiska anatembenuza maso pang'onopang'ono, kufunafuna, mpaka anandipeza ine mdani wawo wa pabawo. M'chipinda chonsecho ndine ndekha amene ndinaona dzanja limene linayankha.