Makina Anakana Zala za Anasopo

Azakhali anga, alongo awo a bambo, ntchito yawo ndi yochapa. Anayamba ali mtsikana m'nyumba za anthu, kenako analembedwa pa nyumba ina yogona alendo, ndipo mpaka lero, imvi zili mbuu, ali pomwepo. Chipinda chawo chili kuseri kwa khitchini: masinki awiri a simenti, tebulo lositirapo, ndi makina ochapira amene amakhala akufa nthawi zambiri. Anzawo anawapatsa dzina loti Anasopo, ndipo linakakamira moti ngakhale abwana awo amawaitana choncho.

Zimene alendo amasiya pa mashiti, azakhali sazitchula. Mukawafunsa amangoti, "Inu mumawaona atavala taye. Ine ndimaona pamene agona." Akaweruka amasamba m'manja mpaka m'zigongono asanapatse munthu moni. Mwamuna anali naye kale, koma anamuthamangitsa atamupeza akumina m'kansalu kopukutira mbale. Abale atabwera kudzawayanjanitsa, azakhali anatulutsa kansaluko atakapana ndi timitengo, n'kukaika pakati pawo. Nkhani inathera pomwepo.

Kuvota sanaphonyepo. Si kuti ankakonda andale, ayi. Ankati onse ndi ofanana ndi mapilo a alendo, oyera kunja kokha. Koma ankanenanso kuti munthu wosavota alibe pakamwa podandaulira, ndipo iwo kudandaula sakanatha kusiya.

Chaka chimenecho miyendo inayamba kuwavuta, ndiye ndinawatenga kuti azikhala kwanga, kufupi ndi ntchito yawo. Wailesi italengeza kuti aliyense atsimikize ngati dzina lake lili m'kaundula wa ovota, ndinatumiza nambala ya chiphaso chawo pafoni. Yankho linabwera loti dzina lawo mulibe, akalembetsenso pamalo apafupi.

"Zaka zonsezi amene ankavota uja anali ndani?" anafunsa. Anasita diresi yawo yabuluu, ndipo Loweruka m'mawa tinapita limodzi.

Kalembera ankachitikira pasukulu ya pulayimale. Mzere unadutsa pafupi ndi zimbudzi za ana, zimene zitseko zake zinali zothyoka, ndipo dzuwa litakwera fungo linatipeza. Azakhali anaima atatseka mphuno ndi mpango. Bambo wina kumbuyo kwathu ankalavula pansi n'kumafafaniza ndi nsapato.

M'kalasimo munali tebulo, kompyuta, kamera, ndi kabokosi kagalasi koikapo zala. Kalaliki wake anali bambo wonenepa masaya, ndipo pambali pa kompyuta anali ndi nyama yokazinga m'pepala. Ankatola ndi dzanja lamanja, n'kugwira zala za anthu ndi dzanja lomwelo. Mkulu amene anali patsogolo pathu makina atamuvuta, kalalikiyo anati, "Nyowetsani chalacho." Mkuluyo anachinyambita bwinobwino n'kuchidinda pagalasi. Kanyali kanayaka kobiriwira.

"Wotsatira."

Azakhali anayang'ana galasilo. Linali ndi mafuta, malovu, ndi kanthu kena kakuda pakona. Anatulutsa mpango kuti apukute.

"Mayi, musagwiregwire katundu wa boma," anatero kalaliki. Anawagwira chala chachikulu n'kuchikanikiza pomwepo.

Kanyali kanayaka kofiira. Anayesa chala china, kofiira. Anayesa cha dzanja linalo, chimodzimodzi. Kalalikiyo anatembenuza chikhatho chawo n'kuchiyang'anitsitsa. Zala za azakhali ndi zosalala ngati sopo wotha. Madzi ndi mankhwala oyeretsera nsalu anadya mizere yonse.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimachapa."

"Ndiye mwachapa ndi zala zomwe. Tanyambitani tione."

"Bambo, ndinyambite chala chimene chagona pa malovu a munthu wina?"

"Ngati simukufuna, pakani pamphuno. Pamphuno pamakhala mafuta."

"Mafuta ali kale pagalasipo. Ndi anu."

Anthu a pamzere anaseka. Kalalikiyo sanaseke. Anati makina akakana iye alibe chochita, abwerenso zala zikamera. Azakhali anatuluka atatambasula manja kutali ndi diresi, ndipo njira yonse sanagwire chikwama chawo, ndinanyamula ndine. Titafika kunyumba anasanza kuseri kwa bafa.

Mawa lake masana kunabwera alamu awo, amuna a mng'ono wawo. Bambo amenewa ntchito yawo yeniyeni palibe amene amaidziwa, koma nyengo ya chisankho ikafika amanenepa. Anabwera atavala malaya a nkhope ya munthu wina wopikisana pa chisankhocho, anakhala pampando wa azakhali, n'kumatokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Alamu, ndamva zakuchitikirani. Mukanandiuza ine. Mkatimo ndili ndi anthu anga. Ingondipatsani chiphaso, mawa khadi lanu libwera pakhomo pano."

"Nanga chala?"

"Zala ndi zambiri, alamu. Adinda wina."

"Chala cha munthu wina pa dzina langa."

"Makina sadziwa nkhope ya chala. Inu chanu n'kungokumbukira amene wakuthandizani tsiku lovota." Anapukuta kamtengo kaja pa nsalu ya mpando.

Azakhali anaimirira pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo. "Alamu, mng'ono wanga mukamupatse moni. Mwana wa achimwene, uwaperekeze, akuchedwa." Alamuwo atangotuluka, azakhali anavula nsalu ya mpandoyo n'kuiviika m'madzi otentha. Madzulo onse ankangoti, "Mng'ono wanga amadya mbale imodzi ndi munthu ameneyu."

Amene anatithandiza ndi nesi wa nyumba yoyandikana nafe. Anati khungu limabwerera ngati munthu asiya kugwira mankhwala kwa kanthawi, azipaka mafuta odzola ndi kugona atavala masokosi m'manja. Azakhali anakapempha tchuthi, abwana anakana, ati alendo achuluka chifukwa cha misonkhano ya chisankho chomwecho. Anawapatsa magolovesi a labala. Azakhali amadana nawo magolovesi. Amati m'kati mumachita thukuta, ukavula manja amanunkha ngati nsapato za mlonda, ndiponso sumva ngati nsalu yayera. Komabe anavala. Usiku ankagona manja ali m'masokosi anga, akung'ung'udza.

Tinabwerera tsiku lotsekera kalembera. Mzere unali wautali kuposa poyamba, zimbudzi zili chimodzimodzi, kalaliki ali yemwe uja. Kusiyana kwake kunali koti pambali pake panakhala mayi wina woyang'anira, wovala baji pachifuwa. Nthawi yathu itakwana, azakhali anaika patebulo kabotolo ka sipiriti ndi thonje, zimene nesi uja anawapatsa.

"Mayi, chala changa sichigona apo pasanapukutidwe. Mukakana, ndibwerera, ndipo ndikauza aliyense chifukwa chake."

Woyang'anirayo anayang'ana galasi, anayang'ana kalaliki, n'kutenga thonje n'kupukuta yekha. Linachoka lakuda. Anatenganso lina.

Zala zazikulu zinakanidwanso. Zolozera, zapakati, zonse zofiira. Azakhali anali atayamba kutola chikwama pamene woyang'anirayo anati, "Nanga kakang'onoko?" Kachala kakumanzere ka azakhali kanapanidwa ndi chitseko ali mwana, ndipo sikapindika, akamachapa kamangoima padera, sikakhuza nsalu. Anakagoneka pagalasi cham'mbali, dzanja lonse litapotoka. Kanyali kanayaka kobiriwira.

"Chimodzi chikwana," anatero woyang'anira. "Zinazo tilemba kuti sizikuwerengeka." Anatembenukira kwa kalaliki. "Zimenezi munayenera kuchita tsiku loyamba lomwe."

Kalalikiyo anawauza kuti ayang'ane kamera, ndipo anajambula asanakonzeke. Pakhadi lawo azakhali akuoneka atakwinya mphuno, milomo itagwera pansi, ngati munthu amene watsegula poto wa chakudya chowola. Ndinawauza kuti tipemphe ajambulenso. Anati ayi, chithunzicho chanena zoona.

Tsiku lovota anadzuka m'mawa, anavota, chala anachiviika mu inki. Amene anamusankha sanandiuze. Inkiyo inakana kuchoka ngakhale anaikwecha ndi mwala, ndipo kuntchito anachita kumanga chalacho ndi pulasitala kuopa kudetsa mashiti oyera. Munthu wa alamu awo anapambana, ndipo phwando lake linachitikira pa nyumba yogona alendo yomweyo. Nsalu za pamatebulo zinabwera kuchipinda chawo zitadzaza mabeseni, zina zoti sanazichape n'komwe, anangopempha abwana kuti zitenthedwe.

Ndinawafunsa ngati adzapitenso chisankho china chikadzafika. Anali akusita, sanadzutse mutu.

"Ndikadzakhala ndi moyo ndidzapita. Tandipatsa mahang'ala awo, ndipo usawaike pansi."