Ufa wa pansi pa msolo

Ababa, lero mwandisokoneza m'kalasi muno ku seminaliyo. Apulofesolo anandipatsa ndime ya Chiheberi kuti ndimasulire, yonena za munthu wapaulendo amene anathira mafuta pamwala n'kupempha kuti akafike bwino. Mawu onse ndimawadziwa, koma ndinalephera kumasulira. Ndinangoona inu m'mawa uja ndinkachoka ku Mualadzi, mutagwira chipanda cha ufa pansi pa msolo. Munati, "Gwada, tiwauze makolo kuti ukupita." Ine, buku lili m'khwapa, ndinayankha kuti, "Sindigwadira mtengo ine." Amayi anagwira pakamwa. Ndinadikira mbama, koma siinabwere. Munagwada nokha, n'kuthira ufawo, n'kuomba m'manja. "Mwanayu wakukanani, koma ndi wanu. Mumuperekeze." Kenako munandikweza panjinga mpaka kumsewu kokwerera chapa, minibasi zakwathu zija.

Chaka chakwana chimwalirireni inu. Dzulo amalume anaimba foni kuti Loweruka kuli mowa wa chikumbutso chanu, ndipo ufa ayenera kuthira ndi mwana woyamba, amene ndi ine. Anati, "Ukakananso, usadzapondenso pakhomo pano." Akuno nawo akamva kuti ndathira nsembe, sindikudziwa ngati adzandilola kumaliza maphunziro. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba za Mulungu ndi chikumbumtima cha munthu, koma palibe tsamba limene landiuza chochita pansi pa mtengo uja. Ndikubwera ndithu. Kungoti makolo amene ndinawakana aja, tsopano mmodzi wa iwo ndinu. Mawondo akakananso, ababa, mudzandiperekezabe?